Yankho kwa mphwanga pa nkhondo ya ku Iraq

Mphwanga, ndamva funso lako lija wafunsa pagulu pano, lakuti kodi America ndi Britain polowa m'dziko la Iraq mu Malichi 2003 ankafuna mafuta basi, kapena ankaopadi zida za Saddam Hussein, pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, monga ankanenera. Ndaonanso kuti alamu anga ayankha kale kuti cholinga chinali kuchotsa wolamulira wankhanza, ndipo za mafutazo ndi nkhambakamwa chabe. Ndasankha kujambula mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo alamu mundikhululukire poti sindigwirizana nanu.

Chifukwa chimene pulezidenti wa America George W. Bush ndi nduna yaikulu ya Britain Tony Blair anauza dziko lonse chinali chakuti Saddam ali ndi zida zopha anthu ambiri nthawi imodzi. Pa 5 Febuluwale 2003, Colin Powell, nduna yoona za maubale a America ndi mayiko ena, anakhala pamaso pa nthambi yoona zachitetezo ya United Nations, nanyamula kabotolo kakang'ono kokhala ndi ufa woyera pakati pa zala zake, pofuna kusonyeza kuti poizoni wochepa chomwecho angathe kupha anthu ochuluka. Nthawi imeneyo akatswiri a United Nations ofufuza zida otsogozedwa ndi Hans Blix anali m'dzikomo, sanapeze kanthu, ndipo ankapempha kuti awonjezeredwe nthawi. France, Germany ndi Russia anati afufuze kaye, koma Bush sanafune kudikira. Nkhondo itachitika, gulu limene America yomweyo inatuma linanena mu 2004 kuti nkhokwe za zidazo kunalibe. Za ubale wa Saddam ndi zigawenga zimene zinaukira America pa 11 Seputembala 2001 nazonso zinasowa umboni.

Chimene chimandipweteka mtima ine n'chakuti chiganizo cha nkhondo chinabwera poyamba, umboni n'kumafunidwa pambuyo. Mu 1998, kusanachitike chiwembu cha ku New York, Donald Rumsfeld ndi Paul Wolfowitz anali m'gulu la anthu amene analembera Bill Clinton, pulezidenti wa America pa nthawiyo, kalata yomuuza kuti achotse Saddam, ndipo anthu omwewa ndi amene anadzakhala akuluakulu a unduna wa zachitetezo pansi pa Bush. Kafukufuku wa boma la Britain amene anatsogolera John Chilcot, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anaulula kalata ya mu Julaye 2002 imene Blair analonjeza Bush kuti adzakhala naye zivute zitani. Chilcot ananenanso kuti Britain inalowa nkhondo njira zamtendere zisanathe. Munthu amene walonjeza miyezi isanu ndi itatu nkhondo isanayambe sakudikiranso kuti Blix apeza chiyani.

Tsopano za mafuta. Iwe sunalakwe kuwatchula, ndipo suli wekha, pakuti Nelson Mandela ananena poyera mu Januwale 2003 kuti chimene Bush akufuna ndi mafuta a Iraq, ndipo Alan Greenspan, amene anatsogolera banki yaikulu ya America zaka zambiri, anadzalemba mu 2007 kuti nkhondoyo kwenikweni inali ya mafuta. Mzinda wa Baghdad utagwa mu Epulo 2003, anthu ankatuluka m'maofesi a boma ndi m'zipatala atasenza mipando ndi makina, nyumba yosungiramo zinthu zakale za dzikolo inabedwa, koma pa unduna wa zamafuta panali asilikali a America akulondera. Kampani ya Halliburton, imene Dick Cheney ankaitsogolera asanakhale wachiwiri kwa pulezidenti, inapatsidwa ntchito yokonza zitsime za mafuta popanda kupikisana ndi makampani ena.

Komabe usafulumire kunena kuti anapita kukatunga mafuta n'kuthawa nawo. Boma la Iraq litagulitsa ziphaso za migodi ya mafuta mu 2009, mgodi waukulu wa Rumaila unapita kwa kampani ya ku Britain ya BP pamodzi ndi kampani ya boma la China yotchedwa CNPC, ndipo Lukoil ya ku Russia inapeza gawo lina la West Qurna. Mayiko amene anakana nkhondo anadya nawo, pamene America inawononga ndalama zochuluka kwambiri ndi kutaya asilikali pafupifupi 4,500. M'maganizo mwanga, mafuta analowa m'nkhaniyi mwa njira ina. Mu 1980, pulezidenti wa America Jimmy Carter analengeza kuti America idzagwiritsa ntchito asilikali ngati dziko lina lingafune kulamulira chigawo cha Gulf, kumene kuli Iraq ndi mayiko oyandikana nayo, chifukwa chuma cha dziko lonse chimadalira mafuta ochokera kumeneko. Mwini dimba salondera chitsime kuti amwe madzi onse yekha, koma kuti wina asadzamutsekere. Chiwembu cha 2001 chitabweretsa mantha ndi mkwiyo, atsogoleri a ku Washington anafuna kuonetsa mphamvu zawo ndi kuika boma lowamvera pakati pa chigawocho, ndipo nkhani ya zida inali yokhayo imene akanatha kukopa nayo aphungu awo ndi anthu wamba.

Alamu, nkhanza za Saddam sindikuzikana. Mu 1988 anapha anthu a mtundu wa Kurd zikwizikwi ndi mpweya wa poizoni m'tauni ya Halabja, ndipo ambiri mwa anthu a ku Iraq anasangalala atagwa. Koma pa zaka zimene ankachita zimenezi America inkamuthandiza pa nkhondo yake ndi Iran, ndipo Rumsfeld yemweyo anagwirana naye chanza ku Baghdad mu Disembala 1983. Kukanakhala kuti moyo wa anthu a ku Iraq ndiwo unali patsogolo, bwenzi atakonzekera bwino za mmene dzikolo lidzayendere nkhondo ikatha. M'malo mwake Paul Bremer, amene America inamuika kuti ayendetse dzikolo Saddam atagwa, anathetsa gulu lonse la asilikali a Iraq mu Meyi 2003, amuna zikwi mazanamazana odziwa mfuti anakhala opanda ntchito, ndipo chisokonezo chimene chinatsatira chinapha anthu wamba oposa 100,000. Kofi Annan, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, atafunsidwa mu 2004 anayankha kuti malinga ndi malamulo a United Nations nkhondoyo inali yosaloledwa, ndipo ine ndikugwirizana naye.