Mafunso a Owerenga: Kodi Nyenyezi Zisanu Zimatanthauza Kuti Gemuyo Ndi Yabwino?

Funso: Ndinamva za magemu a pakompyuta opanda zithunzi, amene munthu amangowerenga nkhani n'kumalemba zimene akufuna kuchita. Ndinasankha gemu ina imene anthu anaipatsa nyenyezi zisanu, koma ndinatha ola lathunthu ndili m'chipinda chimodzi cha m'gemumo, kompyuta ikungondiyankha kuti sinamve zimene ndalemba. Kodi vuto linali ine kapena gemuyo? Nanga abwino ndingawapeze kuti?

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Tikuganiza kuti vuto silinali inu, ndipo mwina silinalinso gemuyo, koma kuti nyenyezi zimene munaziona zinaperekedwa ndi anthu amene anazolowera kale kalankhulidwe ka magemu amenewa, pamene inu munali mlendo wosadziwa chilankhulo cha pamalopo.

Chilankhulocho chinayamba kale. Cha m'ma 1976, Will Crowther, katswiri wa makompyuta amenenso ankakonda kufufuza m'mapanga, analemba gemu yotchedwa Colossal Cave Adventure potengera mapanga enieni a ku Kentucky, ndipo mu 1977 Don Woods wa ku yunivesite ya Stanford anaikulitsa. Gemuyo inkamva mawu awiri okha pa nthawi imodzi, mneni ndi dzina la chinthu, monga TAKE LAMP pamene munthu akufuna kutenga nyale. Kampani ya Infocom, imene inakhazikitsidwa mu 1979 ndi anthu ochokera ku yunivesite ya MIT ndipo inatchuka ndi gemu ya Zork, inapanga magemu omva ziganizo zazitaliko, komabe mwambo wa mawu afupiafupi sunathe mpaka lero. Choncho mukalemba chiganizo chokongola chaulemu, kompyuta imasokonezeka, pamene mukalemba LOOK kuti muone malo, EXAMINE ndi dzina la chinthu kuti muchionetsetse, INVENTORY kuti mudziwe zimene mwanyamula, kapena chilembo N kuti mulowere kumpoto, zitseko zimayamba kutseguka. Magemu ambiri amapereka malangizo mukalemba HELP, ABOUT kapena HINT, ndipo palibe chochititsa manyazi powagwiritsa ntchito.

Dziwaninso kuti si magemu onse a mawu amene amafuna kulemba. Chida chotchedwa Twine, chimene Chris Klimas anatulutsa mu 2009, chinabweretsa magemu ambiri amene wosewera amangodina pa mawu kuti asankhe chochita, ndipo mwa amenewa munthu sakakamira m'chipinda chifukwa chosowa mneni woyenera. Okonda magemu olemba ndi okonda magemu odina anakanganapo kwa zaka zambiri pa nkhani yakuti enieni ndi ati, koma mkanganowo usakutayitseni nthawi, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi ntchito zabwino ndi zosalongosoka zomwe.

Malo oyamba ofufuzira ndi Interactive Fiction Database, imene anthu amangoitcha IFDB, yomwe Michael Roberts anayambitsa mu 2007. Pamenepo gemu iliyonse ili ndi tsamba lake, nyenyezi zake kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndemanga za amene anaisewera, ndiponso mindandanda imene anthu amakonza okha, kuphatikizapo ya magemu oyenera ongoyamba kumene. Ambiri ndi aulere ndipo amatseguka pa intaneti pomwepo, pamene ena amafuna pulogalamu yowatsegulira monga Gargoyle, Lectrote kapena Frotz. Malo achiwiri ndi mpikisano wa IFComp, umene wakhala ukuchitika chaka ndi chaka kuyambira mu 1995, ndipo magemu amene anapambana kumeneko ndi poyambira pabwino chifukwa ambiri ndi aafupi.

Tsopano pa nkhani ya nyenyezi, imene ndi mtima wa funso lanu. Choyamba yang'anani kuti anthu amene anavota ndi angati, pakuti nyenyezi zisanu zochokera kwa anthu atatu, amene mwina ndi anzake a wolemba, n'zopepuka poyerekeza ndi nyenyezi zinayi zochokera kwa anthu mazana awiri. Koma ngakhale chiwerengero chitakhala chachikulu, nyenyezi sizinena chimene anthuwo anakondwera nacho. Wina amapereka zisanu chifukwa gemuyo inamuzunguza mutu kwa mlungu wathunthu ndipo iye amakonda kuzunguzika, pamene wina amapereka zisanu zomwezo chifukwa nkhani yake inamugwetsa misozi. Photopia ya Adam Cadre, imene inapambana IFComp mu 1998, ili ndi zozunguza mutu zochepa kwambiri ndipo mphamvu yake ili pa nkhani, moti munthu wofuna kuswa mutu angaione ngati yopanda pake ngakhale kuti imatamandidwa kwambiri. N'chifukwa chake timalimbikitsa kuwerenga ndemanga ziwiri kapena zitatu, makamaka za anthu amene anapereka nyenyezi zitatu, chifukwa amenewa nthawi zambiri amanena zabwino ndi zofooka zomwe mosatengeka.

Pali muyezo wina umene ukanakupulumutsani ku ola lija. Wolemba magemu Andrew Plotkin anakonza sikelo yoyeza nkhanza za gemu, kuyambira pa Merciful, imene simungakakamire mpaka kalekale, kudutsa Polite, Tough ndi Nasty, kukafika pa Cruel, imene mungalakwitse kanthu kakang'ono koyambirira osadziwa n'komwe, n'kudzazindikira patapita maola kuti simungamalizenso. Magemu ambiri akale ali kumbali yankhanzayi, choncho kutchuka kwawo kusakupangitseni kuyambira pa iwo. Ife tikanakuyambitsani pa Lost Pig, imene inapambana IFComp mu 2007, yomwe wosewera amakhala Grunk, chimphona chosaphunzira chofunafuna nkhumba yothawa. Wolemba wake anaganiziratu zinthu zambiri zopusa zimene munthu angayese kulemba, ndipo pafupifupi chilichonse chili ndi yankho loseketsa.

Funso: Kodi n'chilungamo kupereka nyenyezi pa gemu imene sindinaimalize?

Yankho: Inde, bola munene poyera pamene munalekezera ndi chifukwa chake. Malamulo a IFComp amavomereza zimenezi, pakuti woweruza, amene angakhale munthu aliyense, amapereka mapointi kuyambira 1 mpaka 10 potengera maola awiri oyamba osapitirira, ndipo amayenera kuweruza magemu osachepera asanu kuti mavoti ake awerengedwe. Chimene muyenera kusiyanitsa ndi kulephera kwa wolemba ndi kusiyana kwa zokonda. Ngati nkhani yatchula tebulo koma gemuyo ikukana kuti palibe tebulo mukafuna kuliona, kapena ngati yankho likufuna mneni mmodzi yekha amene munthu sangamuganizire, kumeneko ndi kulephera kwa wolemba ndipo nyenyezi zichepe. Koma ngati munasiya chifukwa simukonda nkhani zoopsa, lembani zimenezo m'ndemanga yanu m'malo molanga gemuyo ndi nyenyezi imodzi. Mukamalemba ndemangayo musaulule mathero kapena mayankho, ndipo ngati n'kofunika kuwatchula, IFDB ili ndi njira yobisira mawu oterowo kuti awonekere kwa yekhayo amene wadinapo mwadala.