Kodi Wikipedia ikumuda Kevin Trudeau?

FUNSO: Akonzi, malume anga amene ali ndi golosale pa Kamuzu Road kuno ku Salima atengeka kwambiri ndi mavidiyo a Kevin Trudeau wa ku America, omwe anzawo amawatumizira pa WhatsApp. Mkuluyu amati pali mankhwala achilengedwe ochiza pafupifupi nthenda iliyonse, koma boma ndi makampani a mankhwala amawabisa. Nditawawerengera zomwe Wikipedia, insaikulopediya ya pa intaneti, inalemba za iye, zomwe zambiri ndi za milandu ndi ndende, malume anati nkhaniyo inalembedwa ndi adani ake. Kodi insaikulopediya siyenera kuima pakati? Ndine mphunzitsi, Salima.

YANKHO: Aphunzitsi, iyeneradi kuima pakati, koma tiyambe tamvana tanthauzo la mawuwa. Anthu awiri akamalimbirana mbuzi pabwalo la mfumu, nyakwawa imamva mbali zonse, imaitana mboni, ndipo umboni ukaloza mwini wake, mbuziyo imapita kwa iyeyo yathunthu. Palibe anganene kuti mfumu yakondera chifukwa sinaidule pakati. Lamulo la Wikipedia la kusakondera lili chimodzimodzi: maganizo aliwonse amapatsidwa malo molingana ndi momwe magwero odalirika awachitira umboni, osati theka kwa uyu ndi theka kwa uyo.

Trudeau, yemwe anabadwa mu 1963, anatchuka ndi mapulogalamu aatali otsatsa malonda pa wailesi yakanema, okonzedwa ngati kucheza wamba kwa mtolankhani ndi katswiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anakhalako kundende pa mlandu wachinyengo cha makadi a ngongole. Mu 2004, bungwe la boma la America loteteza ogula la Federal Trade Commission litamusumira chifukwa chonena kuti mankhwala otchedwa coral calcium amachiza khansa, anavomera kulipira madola 2 miliyoni ndiponso kusiya kutsatsa katundu mwa njira imeneyi. Anamusiyira khomo limodzi lokha, loti atha kutsatsa mabuku, bola asaname za zomwe zili m'kati mwake.

Pakhomo pomwepo ndi pomwe anapunthwa. Potsatsa buku lake la 2007 la kuchepetsa thupi, iye ankauza owonera kuti njira yake ndi yosavuta ndipo munthu akamaliza angadye chilichonse chomwe mtima wake wafuna. Wogula akatsegula bukulo ankapeza kuti ayenera kudya makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 500 okha patsiku, pamene munthu wamkulu amafunika pafupifupi 2,000, komanso kubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku wa homoni ya hCG, yomwe imapezeka mwa amayi oyembekezera. Khoti la ku Chicago linamulamula kubweza madola oposa 37 miliyoni. Mu November 2013 gulu la nzika wamba zothandiza kuweruza mlandu linamupeza wolakwa pa mlandu wonyoza khoti pophwanya mgwirizano wa 2004 uja, ndipo mu March 2014 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 10. Anatuluka mu 2022. Nkhani ya moyo wa munthu wotere ikadzaza ndi milandu, sikuti alembi apsa mtima; kuichotsa milanduyo kapena kuikankhira kumapeto ndiko kukanakhala kukondera.

Funso lenileni ndi lakuti timamvera ndani. Gwero lodalirika ndi lomwe lili ndi akonzi ofufuza zolembedwa, lotha kusumiridwa likanama, ndiponso lomwe silipindula katundu akagulidwa: nyuzipepala zodziwika, magazini a zachipatala, mabuku a akatswiri. Mabuku ndi mavidiyo a Trudeau mwini ndi umboni wa chinthu chimodzi chokha, kuti iye ananenadi mawu amenewo. Si umboni wakuti mankhwalawo amachiza. Ife a ku Salima izi sizachilendo, pakuti tonse tinamumvapo wogulitsa uja wa chimkuzamawu pa depoti, amene botolo lake limodzi limachiza shuga, BP, nsana ndi kusabereka. Akati, "Funsani amene anamwa," ndiye kuti akukutumizani kwa mboni yomwe wasankha yekha. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Komabe malume anu asanyozedwe, chifukwa kukayika kwawo kuli ndi pogwira. Wikipedia, yomwe inayamba mu 2001, imalembedwa ndi aliyense wofuna, ndipo inalakwirapo anthu. Mu 2005 munthu wina analemba bodza lakuti mtolankhani John Seigenthaler anaganiziridwapo pa kuphedwa kwa John Kennedy, yemwe anali pulezidenti wa America, ndi mchimwene wake Robert, ndipo bodzalo linakhala pamenepo miyezi ingapo. Zitachitika zimenezi malamulo olemba za anthu amoyo anakhwimitsidwa, moti chiganizo choipitsa mbiri ya munthu chopanda gwero chiyenera kuchotsedwa nthawi yomweyo. Malamulo omwewo amamutetezanso Trudeau. Kulemba kuti khoti linamupeza wolakwa mu 2013 ndi kunena zomwe zinachitika, koma kumutcha mayina onyoza kapena kulosera za mumtima mwake si ntchito ya insaikulopediya. Nkhani yosakondera iyeneranso kunena kuti buku lake la mankhwala achilengedwe linagulidwa kwambiri mpaka kufika pamndandanda wa The New York Times, ndi kuti iye ankadziteteza ponena kuti boma likumuphwanyira ufulu wolankhula. Zoterezi zikasowa, pamenepo mpomwe mungadandaule.

Mukapitanso kugolosale, musatsutsane nawo za nkhani yonse. Sankhani chiganizo chimodzi, monga cha chigamulo cha 2014, mudine kanambala kakang'ono kamene kali kumapeto kwake, muone limodzi komwe kakufikitseni. Nkhani iliyonse ilinso ndi mbiri ya zosintha zake ndi malo omwe alembi amatsutsirana, ndipo kumeneko mudzaona kuti omukonda Trudeau nawonso amaloledwa kulankhula, kungoti amafunsidwa gwero mofanana ndi wina aliyense. Ngati malume akumwa mankhwala a kuchipatala, a shuga kapena a BP, apempheni kuti asawasiye chifukwa cha mavidiyowa asanakaonane ndi adokotala.