Tifunseni: Mbuna za ku Nkhata Bay zikugwirizana pati ndi makorali a ku Sodwana?

FUNSO: Mwana wanga ali matric kuno ku Joni. Chibwerereni ku Sodwana Bay ndi anzake a kusukulu, nkhani yake ndi ya makorali ndi DNA basi. Akuti katswiri wina wa makorali anayamba wafufuzapo nsomba za kwathu. N'zoona? Nanga DNA ikufunika chiyani pa miyala ya m'madzi? — Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO: Mayi, mwanayo sananame. Akunena Madeleine van Oppen wa ku Netherlands. Mu 1997 iye ndi anzake anasindikiza zomwe anapeza pa mbuna, nsomba zazing'ono za m'miyala, za ku Nkhata Bay: mbuna za mtundu umodzi zokhala pa miyala yoyandikana zinali zosiyana majini (tikunena a m'thupi, osati aja a kwa asing'anga), chifukwa mbuna siikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. Kenako anasamukira ku Australia n'kuyamba kufunsa makorali funso lomwelo: ndani akukwatirana ndi ndani, ndipo ana akukafika kuti?

Korali si mwala. Ndi tizilombo tating'ono tokhala pamodzi, timene timadzimangira chigoba cha laimu. M'thupi mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapatsa tizilomboto chakudya ndi mtundu. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amatenthera m'chilimwe, n'kukhala choncho masabata angapo, korali amatulutsa nderezo n'kuyera mbuu, ndipo kutentha kukapitirira amafa ndi njala, monga zinachitikira m'malo ambiri a Indian Ocean mu 1998. Malo otere amadzukanso ngati mphutsi za makorali ena, ndiye kuti ana awo, zabwera ndi madzi. Koma kamphutsiko n'kochepa ngati mbewu ya mawere, simungakatsatire m'nyanja. DNA, yomwe imasunga majini m'thupi la chamoyo, ndiye phazi limene kamasiya.

Ntchito yake imayenda motere. Wosambira amathyola kachidutswa kokwana sentimita imodzi kapena ziwiri pa korali aliyense, makorali 30 mpaka 50 pa malo amodzi, n'kulemba malo ndi kuya kwake. Kachidutswako amakaika nthawi yomweyo m'kabotolo ka ethanol (mowa wa m'labotale) wa 95 peresenti kapena kuposa, chifukwa DNA siichedwa kuwonongeka pa kutentha. Ku labotale amachotsa DNA, n'kuichulukitsa ndi makina a PCR, n'kuyerekeza tizigawo tina timene timasiyana pakati pa korali ndi mnzake. Zotsatira amaziwerengera ndi nambala yotchedwa FST, yochokera pa 0 kufika pa 1. Ikakhala pafupi ndi 0, malo awiriwo amapatsana ana. Ikamakwera, ndiye kuti aliyense ali payekha.

Pogwera ambiri ndi apa. Korali wanthambi ngati Acropora akathyoka ndi mafunde, chidutswacho chimatha kumera pambali, ngati phesi la chinangwa. Mukatola zidutswa moyandikana, mungawerenge makorali 40 pamene ndi mmodzi yekha wadzibwereza, ndipo masamu onse apotoka. N'chifukwa chake amatalikitsa ndi mamita asanu kapena kuposa, ndipo zofanana ndendende amazichotsa asanawerengere. Vuto lina ndi ndere zija: nazo zili ndi DNA yake, yomwe imasakanikirana ndi ya korali ngati simunasankhe bwino tizigawo toyeza. Palinso makorali ofanana nkhope koma mitundu iwiri, amene amakweza FST mwabodza.

Ku Sodwana funsoli si lamasewera. Makorali a kumeneko ali m'gulu la akumwera kwenikweni ku Africa, mkati mwa iSimangaliso Wetland Park, ndipo madzi a Agulhas Current amadutsa pamenepo kuchokera ku Mozambique kulowera kumwera. Ngati ana amachokera kumpoto, kuteteza Sodwana yokha sikukwanira. Ngati amabadwira pomwepo, malo akawonongeka wodzawapulumutsa palibe. A Oceanographic Research Institute a ku Durban akhala akuyang'anira Nine-Mile Reef, amodzi mwa malo a makorali a ku Sodwana, kuyambira 1993.

Mu 2015 van Oppen, katswiri mnzake wa makorali Ruth Gates ndi anzawo anapereka ganizo lolimba mtima: kuthandiza makorali kupirira kutentha mwa kukwatitsa olimba okhaokha, kapena kuzoloweza ndere zawo madzi ofunda m'labotale. Ife tikuona kuti ganizoli n'lanzeru koma lili ndi malire: zomera bwino m'thanki sizingadzaze nyanja, ndipo kusankha ochepa kumachepetsa kusiyana kwa majini komwe tikufuna kusunga.

Mwanayo alimbikire Life Sciences, Physical Sciences ndi Mathematics yeniyeni, osati Maths Literacy, chifukwa theka la ntchitoyi ndi masamu pa kompyuta. Genetics angayambire konkuno ku yunivesite ya Wits. Zam'nyanja akazipeza ku yunivesite ya UKZN ku Durban kapena ya UCT ku Cape Town. Kusambira ndi botolo la mpweya angaphunzire patchuthi. Muuzeninso kuti kuthyola korali ku Sodwana popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale kachidutswa kongobwera nako kudzakuonetsani.