Madzi a vape asungeni mu kabati yokiya, osati m'galimoto kapena m'firiji

Achimwene, mwanena kuti munagula mabotolo angapo a madzi a vape (ndudu yamagetsi) nthawi imodzi ku Johannesburg, ndipo limodzi lomwe linatsala m'galimoto lafiirira komanso likukanda kukhosi. Mukufunsa ngati otsalawo muwaike m'firiji. Musathamangire firiji. Apezereni malo amdima, ozizira bwino, ouma komanso okiyika, ndipo botolo lililonse musamalitsekule nthawi yake isanakwane.

Madziwa ali ndi zinthu zinayi: PG (propylene glycol) ndi VG (vegetable glycerine), omwe ndi madzi onyamula zinazo n'kupanga nthunzi, komanso zokometsera ndi chikonga (nicotine). PG ndi VG sizionongeka msanga, kungoti zimakoka chinyezi kuchokera mumpweya. Zosachedwa kuonongeka ndi zinazo. Chikonga chikakumana ndi mpweya chimayamba kusintha, madzi oyera aja amasanduka achikasu, kenako ofiirira, mphamvu yake imatsika ndipo pokoka chimayabwa ngati tsabola. Kutentha ndi kuwala kwa dzuwa kumafulumizitsa zimenezi. Zokometsera za zipatso, monga mango, mandimu ndi sitiroberi, ndi zimene zimayamba kusuluka. Za kirimu, vanila kapena fodya zimapirirako, mwinanso zimakoma bwino zikakhala masabata awiri kapena atatu chisakanizireni.

Kutentha ndiye kwaononga botolo lanulo. Madziwa amasungika bwino pakati pa madigiri 15 ndi 21, ndipo akangokhala pansi pa 25 palibe chodandaula. M'galimoto yotseka magalasi itaima padzuwa, kutentha kumapitirira madigiri 50 mosavuta, ndiye masiku ochepa okha amakwana kuchita zomwe zikanatenga miyezi. Kumudzi kuno vuto silili m'galimoto mokha. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, mwezi wa Okutobala ndi Novembala, pamwamba pa wodilopu pamatentha kwambiri masana, makamaka m'madera ngati Chikwawa, Nsanje ndi Salima. Anthu ambiri amakonda kuika pamwambapo pofuna kubisira ana, koma ndi malo oipa. Sankhani kabati kapena dirowa ya m'munsi, yotsamira khoma la m'kati lomwe silimenyedwa ndi dzuwa, kutali ndi mbaula, chitofu, kuseri kwa firiji ndi pamwamba pa TV. Kubafa ayi, chifukwa cha nthunzi. Pawindo ndiye musayerekeze n'komwe. Ngati nyumba yonse imatentha, ikani mabotolowo m'kabokosi kosungira zinthu zozizira (cooler box) kopanda ayezi ndipo mukakhazike pansi pa simenti. Kamachepetsa kukwera ndi kutsika kwa kutentha pakati pa usana ndi usiku.

Nkhani ya mpweya ambiri saiganizira. Botolo losatsekula lili ndi mpweya wochepa pamwamba, koma la 60ml lomwe latsala theka ndiye kuti theka linalo ndi mpweya, ndipo nthawi iliyonse mukatsekula mumalowetsa watsopano. Choncho gwiritsani ntchito botolo limodzi mpaka lithe musanatsekule lina. Ngati muli ndi lalikulu la 100ml kapena 120ml, thirani pang'ono m'kabotolo ka 10ml koyendera nako, lalikululo likhale m'kabati muzilitsekula mwa apo ndi apo. Mukathira, pukutani kukamwa kwa botolo ndi tishu musanatseke, chifukwa madzi akauma pa mizere ya chitsekero, sichigwiranso bwino. Aimikeni chilili, osawagoneka.

Mtundu wa botolo nawonso uli ndi gawo. Lapulasitiki lofewa, lija losavuta kufinya, limalowetsa mpweya pang'onopang'ono kudzera m'pulasitikimo, ndipo limayamwa fungo la zokometsera. Kwa mwezi umodzi kapena iwiri silivuta. Lapulasitiki lolimba loonekera m'kati limasunga bwinoko. Koma ngati mukuona kuti madziwo akhala miyezi yoposa 6, asamutsireni m'mabotolo agalasi ofiirira, otsuka ndi kuumitsa bwinobwino, ndipo muwadzaze mpaka m'khosi. Chitsekero chikhale chomanga, osati chokhala ndi kampira kofinyira kaja, popeza mphirayo imafewa ndipo imalowetsa mpweya. Matani kapepala kolembapo dzina, mphamvu ya chikonga ndi tsiku. Chonde musathire m'botolo la zakumwa kapena la mankhwala a chifuwa, ngakhale kwa tsiku limodzi.

Ngati mwa mabotolo anuwo muli aja opanda chikonga, okhala ndi 50ml m'botolo la 60ml, musawasakanize onse lero. Kabotolo ka 10ml ka chikonga cha 18mg/ml mukathira mmenemo mumapeza 60ml ya 3mg/ml, koma kuyambira nthawi imeneyo madziwo amayamba kukalamba msanga. Sakanizani limodzi lokha lomwe mukufuna kuyamba.

Tsopano za firiji. Kuzizira kumachedwetsadi kuonongeka kwa chikonga, n'chifukwa chake amene amadzisakanizira okha amasunga chikonga chosasakaniza m'firiji. Koma madzi osakaniza kale ali ndi mavuto ake. VG imalimba, osatuluka bwino m'botolo, ndipo ikalowa m'thanki ya vape ili choncho thonje la m'katimo silinyowa mokwanira, koilo (kawaya kotenthetsa madziwo) n'kupsa. Zokometsera zina, makamaka menthol ndi zotsekemera, zimatha kuundana n'kupanga timiyala pansi. Mukatsekula botolo lozizira m'chipinda chofunda, chinyezi chimalowa. Onjezani kuzimazima kwa magetsi, ndiye kuti botololo lizingozizira n'kufunda, zomwe n'zoipa kuposa kukhala pa madigiri 24 osasintha. Ngati kwanu n'kotentha moti palibe kuchitira mwina, aikeni m'firijimo osatsekula okhawo m'kabokosi kotseka, ndipo mukatulutsa limodzi, lisiyeni maola angapo lifunde lokha, muligwedeze bwino, kenako mutsekule. Osaliika m'madzi otentha kapena padzuwa kuti lifunde msanga.

Madzi omwe ali kale m'thanki musawawerengere ngati osungidwa. Amafunda nthawi iliyonse koilo ikayaka ndipo amadetsedwa ndi zopserera za pa thonje. Ngati chipangizocho simuchigwiritsa ntchito kwa sabata kapena kuposerapo, khuthulani thanki, ndipo zokhuthulazo musazibwezere m'botolo.

Opanga ambiri amapereka zaka pafupifupi 2 kuchokera tsiku lopangira, botolo lisanatsekulidwe, ndiye yang'anani tsikulo pansi kapena pa chizindikiro n'kuyamba ndi akale. Lotsekula yesetsani kulimaliza m'miyezi yochepa. Kuderako pang'ono pakokha sikutanthauza kuti aonongeka. Tayani ngati fungo lasanduka lowawasa kapena lachilendo, ngati muli zoyandama, kapena ngati madzi apatukana ndipo sakusakanikirananso mutagwedeza. Lanu la m'galimotolo, poti lafiira komanso likukanda, ine ndinganene kuti litayeni. Thirani madziwo mu utuchi kapena mchenga m'jumbo, mumange, muponye komwe ana ndi ziweto sangafike.

Loko wa pa kabati uja musamuone ngati nkhani yaing'ono. Kabotolo ka 10ml ka 20mg/ml, komwe ndi malire a lamulo ku Britain ndi ku European Union, kali ndi chikonga chokwana 200mg, ndipo kumaiko ena amagulitsa zamphamvu kuposa pamenepo. Madziwa amanunkhira maswiti, mwana sangasiyanitse. Mu 2014 mwana wa chaka chimodzi anamwalira m'chigawo cha New York ku America atamwa chikonga chamadzi. Chitsekero chovuta kutsekula chimangomuchedwetsa mwana, sichimuletsa. Ichi n'chifukwa chinanso chokanira firiji, momwe ana amatsekula tsiku lonse kufuna madzi akumwa.

Mwana akamwa, ngakhale pang'ono, musamusanzitse ndipo musadikire kuti muone ngati ayambe kutuluka dovu, thukuta kapena kusanza. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botololo kuti adokotala aone mphamvu yake. Akatayikira pakhungu, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, ndipo akalowa m'maso tsukuluzani ndi madzi oyera kwa mphindi 15 musanapite kuchipatala.