Geni ya madiresi a madzulo: yankho kwa achemwali a ku Luchenza

Achemwali, mwafunsa ziwiri: geni ya madiresi a madzulo imayenda bwanji, komanso muwaodere chiyani mayi a ku esiteti aja amene akukakwera sitima yapamadzi ku Durban, ndipo amva kuti kumakhala usiku wotchena. Ndiyamba ndi amayiwo, poti ndalama yawo ili pafupi.

Sitima zimene anthu akuno amakwera kawirikawiri ndi za kampani ya MSC. Zimanyamuka ku Durban kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, zambiri kupita ku Portuguese Island kapena ku Pomene, m'dziko la Mozambique. Usiku wotchenawo amautcha gala. Ulendo ukakhala wa sabata amachita kawiri, ukakhala waufupi kamodzi, mwinanso osachita n'komwe. Choncho amayiwo ayang'ane kaye ndondomeko ya ulendo wawo, asagule madiresi atatu a usiku umodzi.

Chovala chake si chovuta. Diresi lalitali likhoza, lolekeza m'mawondo likhozanso, ngakhale buluku lakuda lotaya ndi bulauzi yonyezimira. Kabudula, zovala zosambira ndi mapatapata ndiye ayi, sizilowa kodyera usiku umenewo. Akafuna kusoketsa chitenje kwa telala wodziwa ntchito, asachite manyazi. Ngakhale kampani ina ya sitima zapamadzi ya Cunard, imene imakhwimitsa kwambiri za kavalidwe, imalola zovala zachikhalidwe pa gala.

Apa ndi pamene wageni amadziwika. M'sitima saloleza simbi m'zipinda poopa moto, ndipo akaipeza m'chikwama amalanda. Diresi lotuluka m'sutikesi lili makwinya okhaokha liwavutitsa amayiwo, kapena akalipira kuti awasitire. Ine ndikamasankha ndimafinya nsalu m'dzanja mwamphamvu, n'kuwerenga mpaka khumi, n'kuisiya. Ikabwerera mwakale, ndatenga. Ikatsala ndi mizere, ndimaibweza pa hang'ala ngakhale ikongole chotani. Leisi, shifoni ndi nsalu zotamuka sizivuta. Satini wotchipa uja ndiye mdani, amaonetsa khwinya lililonse, thukuta lomwe. Kutalika kwake lisakhwekhwerezeke pansi, chifukwa m'sitima muli masitepe ambiri ndipo nyanja ikavuta pansi pamagwedera. Nsapato ikhale ya chidendene chachikulu, gogoda wosongoka amusiye. Muwaonjezere kampango kofunda m'mapewa, poti kodyerako amaziziritsa ngati m'mawa wa Juni ku Thyolo. Chovala choyera chimodzi asachiiwale, MSC imakonda kuchititsa usiku wa zoyera zokhazokha.

Tsopano geniyo. Madiresi awa si zitenje zoti muyale pa Limbuli kapena pa Chitakale, aliyense wodutsa n'kugula. Amene amawafuna ndi a zikwati, zinkhoswe, ma bridal shower ndi maphwando a kutha kwa chaka, ndipo aliyense amafuna lake lokha. Mayi akaona diresi lake pa mnzake tsiku la ukwati, kwa inu sadzabweranso. Ndiye ine ndimayenda ndi oda. Kasitomala asankhe pa WhatsApp, apereke theka, ndimuyeze ndi tepi: chifuwa, chiuno, m'mahipi, ndi kutalika atavala nsapato imene adzavale tsikulo. Tepiyo ndimapita nayo kopikula. Nambala yolembedwa pakolala musaikhulupirire, XL wa ku China ndi M wa kuno. Mukakayika tengani lokulirapo. Telala amatha kubweza, koma kuonjezera nsalu pa diresi la mikanda sangathe.

Kopikula kwenikweni n'kuwiri. Ku Johannesburg mumakwera basi ku Blantyre, kutulukira pa Mwanza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka Beitbridge. Mukafika, ambiri timazungulira Small Street, Dragon City ndi Oriental Plaza ya ku Fordsburg. Kwina, kudzera pa Songwe, ndi ku msika wa Kariakoo, ku Dar es Salaam, kumene kumapezeka katundu wambiri wa ku China ndi ku Turkey. Kwa ife a kuno kummwera Dar ndi kutali, thiransipoti imadya phindu ngati mpamba uli wochepa. Pa Muloza musayembekezerepo zambiri. Ku Milange n'kwabwino pa zitenje, osati madiresi a gala.

Musanalipire, tsegulani ndi kutseka zipi katatu, tembenuzani diresi muone msoko, kokani mkanda umodzi pang'ono. Mikanda yomata ndi guluu imayoyoka basi isanafike pa Tete. Ndipo muumirire lisiti.

Lisitilo ndi la pa boda. A MRA amawerengera msonkho pa mtengo wa katundu, ndipo mukapanda pepala amaika mtengo wawo. Ena adzakuuzani za ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa. Ilipodi, koma ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a bungwelo amene ali pa mndandanda wogwirizana. South Africa, Tanzania ndi Mozambique sali mu COMESA, ndipo diresi losokedwa ku China silingalowemo. Za kupatsa kondakitala kuti akubisireni katundu, ine sindichita nawo. Zikagwidwa, dzina lili pa chikwama ndi lanu.

Chimene chagwetsa anzathu ambiri ndi ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene adali atakongoza katundu pa mitengo yakale adatolera ndalama zosakwana kuodanso. Poika mtengo musawerengere zimene mudagulira. Werengerani zimene mudzagulire randi ulendo wotsatira, muikepo basi, malo ogona, msonkho, telala, kenako phindu lanu. Ngongole ya "ndidzapereka pakutha pa mwezi" pa diresi la phwando ndi yoopsa, chifukwa phwando likatha chidwi cholipira chimathanso. Diresi lituluke m'nyumba mwanu ndalama itakwana.

Ngati mpamba sukufika pokwera basi, yambani ndi kaunjika. M'mabelo a madiresi a ku Limbe mumatuluka ena abwino kuposa a m'sitolo. Muwachape bwino, mukonze zipi, muzibwereketsa pa mtengo, munthu asiye chikole. Diresi limodzi likatuluka kanayi labweza ndalama yake.

Za mayi a ku esiteti aja, afunseni tsiku lonyamuka, ndipo diresi lifike kudakali masabata awiri kuti telala apeze mpata. Alivale ndi nsapato zake, akwere nalo masitepe, akhale pampando, akweze manja. Likawathina m'khwapa ali chikhalire, libwerere kwa telala lisanalowe m'sutikesi.