Wapeza malo ku Al-Azhar, koma bambo ake akuopa

M'bale wina wa ku Mangochi wanditumizira imelo. Akuti wapeza malo okaphunzira ku Al-Azhar, yunivesite ya Chisilamu ya mumzinda wa Cairo kumene inenso ndinaphunzira, koma bambo ake sakuona tulo, akuopa kuti mwana wawo akasokonekera kumeneko. Akufunsa kuti moyo wa wophunzira za chipembedzo umakhala wotani ku Egypt, komanso ngati Chiarabu cha kumadrasa chikamukwanire.

Achimwene, ndiyambe ndi Chiarabucho. Sichikakukwanirani, ndipo musachite nazo manyazi. Chimene mwaphunzira ndi cha m'mabuku, chotchedwa fusha. Pamsika, m'basi ndi kwa wogulitsa buledi amalankhula cha kwawo, chothamanga ndi chodula mawu, moti masabata oyamba mudzangomva phokoso. Ngakhale aphunzitsi ena, nkhani ikakoma m'kalasi, amatembenukira ku chilankhulo chomwecho. Mukafika adzakuyesani mayeso oona pamene mwafika, ndipo ambiri ochokera kunja amayamba akhala chaka kapena kuposerapo akuphunzira chilankhulo ndi maphunziro okonzekera asanalowe kuyunivesite. Awafotokozereni bambo zimenezi musananyamuke, kuti asadzawerengere zaka zinayi kenako n'kumaganiza kuti mukuchita masewera.

Mzindawo ndi waukulu zedi. Cairo ndi madera ozungulira muli anthu oposa 20 miliyoni, pafupifupi Malawi yense. Adhana, kuitanira anthu kumapemphero, imamveka mbali zonse, koma musaganize kuti aliyense kumeneko ndi wopemphera. Kuli fumbi, malipenga a magalimoto usiku wonse, ndi anthu othamangira ndalama. Mu Julaye kutentha kumayandikira madigiri 40, pamene mu Januwale usiku kumazizira mpaka m'mafupa, choncho jekete lokhuthala musalisiye. Nsima muiwale kaye. Mudzadya nyemba zotchedwa ful, buledi wafulati ndi koshari, womwe ndi mpunga wosakaniza ndi makaroni ndi mphodza. Ndinenenso chowawa: mumsewu ena adzakuitanani mayina chifukwa cha khungu lanu. Zinandipweteka, ndipo zidzakupwetekani. Koma mudzakumananso ndi anthu amene, akangomva kuti ndinu wa ku Al-Azhar, adzakupatsani ulemu waukulu. M'mwezi wa Ramadan mudzaona matebulo m'misewu pomwe aliyense wodutsa amadya kwaulere pomasula kusala kudya madzulo.

Tsopano chimene ndikufuna muchigwire ndi manja awiri. Yunivesite idzakupatsani satifiketi, koma makalasi ake amadzaza kwambiri, ndipo n'zotheka kumaliza chaka mphunzitsi osadziwa dzina lanu. Maphunziro amene anandiumba ine ndinawapeza mumzikiti weniweni wa Al-Azhar, umene unayamba kumangidwa mu 970 n'kutsegulidwa mu 972. M'makonde mwake mashehe amakhala pansi ndi ophunzira, n'kumawerenga buku limodzi mzere ndi mzere, miyezi yambiri, popanda malipiro. Mumakhala pafupi ndi mnyamata wa ku Indonesia, wina wa ku Nigeria, wina wa ku Somalia. Shehe amakuonani nkhope tsiku ndi tsiku, ndipo mukajomba amafunsa. Mantha a bambo anu amathera pamenepo, chifukwa amene amasokonekera ku Cairo kawirikawiri ndi uja wokhala yekha m'chipinda ndi foni, wopanda womusowa akapanda kuoneka. Sankhani shehe mmodzi kapena awiri, musamangodumphadumpha. Popeza Asilamu ambiri kwathu timatsata madhihabu (njira ya kamvedwe ka malamulo a Chisilamu) a Imam Shafi'i, yambani ndi mabuku ang'onoang'ono a fiqihi yake, kutanthauza maphunziro a malamulowo. Iye anamwalirira mumzinda womwewo mu 820, ndipo manda ake ali komweko.

Za mapepala musazengereze. Chilolezo chokhalira m'dzikomo, iqama, chimafunika kuchikonzanso nthawi yake isanathe, ndipo mizere yake ndi yaitali. Ngati mwapatsidwa malo kuhositelo ya ophunzira akunja, Madinat al-Bu'uth, thokozani Allah, chifukwa lendi ya kunja imadya kathumba konse. Ndalama yothandizira ophunzira ndi yochepa, ndiye mugwirizane ndi achibale za kangachepe kotumiza.

Musanakwere ndege, funsani mashehe a kwanu amene anaphunzirako kuti akulumikizeni ndi Amalawi amene ali komweko panopa, mmodzi adzakuchingamireni pabwalo la ndege. Nambala ya munthu ameneyo muwapatsenso bambo, ndipo mupangane nawo tsiku lowaimbira sabata iliyonse. Lachisanu ndi labwino, popeza makalasi a kuyunivesite kulibe.