Kwa mayi a mwana amene akudzimbidwa uja

Asisi mwafunsa za mwana wanu wa zaka 4 amene akumatha masiku 5 osachita chimbudzi, akati achite ndi kulira kokhakokha, nde kabudula akumapezekanso wothimbirira. Pepani kwambiri, wanganso anadutsa momwemo.

Chonde musammenye. Zimayamba tsiku limodzi chimbudzi chikatuluka cholimba n'kumupweteka, mwana amagwidwa mantha nde amayamba kuchibweza dala, mungomuona wapanikiza miyendo kapena wakabisala kuseri kwa chitseko. Chikakhalitsa m'matumbo chimauma n'kulimbiratu, tsiku lotuluka chimapweteka kuposa poyamba, mantha aja n'kuwonjezekanso. Zothimbirira m'kabudulazo sikutsegula m'mimba ayi, ndi zamadzimadzi zimene zikudutsa m'mbali mwa cholimba chija, mwini wakeyo sakuzimva n'komwe.

Zikafika apa papaya yekha sangathe. Pitani naye kuchipatala, amayamba achotsa kaye chomwe chaunjikanacho kenako amapereka mankhwala ofewetsa, kawirikawiri lactulose wamadzi wotsekemera uja, palinso Movicol wa ufa wosungunula m'madzi koma ameneyo ndi wodulirapo. Mlingo akuuzeni adokotala atamuyeza sikelo, osatengera wa mwana wa aneba. Pomwe ambirife timalakwitsa ndi apa, mwana akangochita bwino masiku atatu basi tasiya mankhwala, ine ndinatero ndithu ndipo sabata isanathe tinabwerera pomwe tinayambira. Amafunika kumwa miyezi yosachepera 2, posiyanso n'kumachepetsa pang'onopang'ono, kuti matumbo amene anatanuka aja abwerere m'chimake, iyenso aiwale zoti chimbudzi chimapweteka.

Kunyumba akangomaliza kudya muzimukhazika pa poti mphindi 5 kapena 10, mapazi aponde pansi, ngati toileti yanu ndi yokhala muikireni kampando. Achite asachite muyamikireni basi. Madzi azimwa pafupipafupi, phala likhale la mgaiwa, nkhwani, nyemba, mango, papayayo nayenso azidya, mabisiketi ndi buledi woyera muchepetseko.

Wina walemba m'mwambamu zoti mumulowetse kachidutswa ka sopo kumatako, ndikudziwa agogo athu ankatero koma osayerekeza, sopo amawotcha mkati nde mwana woopa kaleyo mwamuwonjezera mantha.

Koma akamasanza zobiriwira, mimba itafufuma, thamangani naye tsiku lomwelo. Ngati akuonda, kapena atabadwa anatha maola 48 osachita chimbudzi choyamba chakuda chija, muwauze adokotala zimenezo, amafufuza zina.